Kalavani ya Ababa Idakali pa Njerwa

Lolemba, 6 Okutobala

Kope ili ndagula kuti ndizilembamo ntchito, osati madandaulo. Madandaulo ali ndi eni ake.

Nkhani ndi iyi. Loweruka tikukaona chiliza cha Ababa kumudzi, kupitirira Bangula. Amayi manda a amuna awo sanawaonepo. Chipupa chinawagwera pachiuno nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo pamene Ababa amatisiya chaka chomwecho, iwo anali chigonere. Thupi linapita, iwo anatsala kuno ku Chilobwe. Mpaka lero pampando sakhalitsa, theka la ola basi ayamba kubuula. Minibasi ndiye iwalani. Koma chagada pa matiresi amagona bwinobwino.

Ndiye ine ndati: kalavani.

Ili kuseri kwa nyumba, pa njerwa, chiyambire ndili mwana. Ababa anali khukhi wa azungu oyeza misewu. Azungu ankagona m'kati, iwo pansi pake pa chiguduli, zaka zonse zija. Popuma ntchito anawapatsa kalavaniyo m'malo mwa zikomo. Lachisanu Amayi agona m'kati mwake, m'kati mwenimweni, alamu a Bonifasi akoka ndi pikapu yawo, titsika mapiri a ku Chikwawa ngati anthu.

Achemwali anga a Tereza, akazi a alamuwo, angoti, "Wayambatu." Inde ndayamba. Ndine wowotcherera zitsulo ku Chirimba, palibe anandigwira dzanja pophunzira, mageti anga ali mpaka kumayadi. Bokosi la matayala awiri lingandikanike ine?

Zimene zikusowa:
- chitseko
- matayala onse awiri, ndi malimu omwe
- chitsulo chokokera cha kutsogolo
- zenera limodzi
- sinki

Zimene zilipo:
- matiresi, akadali olimba
- matope a Freddy, ouma gwa m'makona monse
- thadzi la Amayi, likufungatira mazira mukabati
- fungo

Ndalowa m'nyumba ndikutukwana akuba a m'dera lino. Amayi ali gone, ayamba kuwerenga ndi zala. Chitseko chili pa bafa ya mai Dominga, oyandikana nawo. Chokokera chili kwa a Zuze okhoma zidebe. Limu imodzi ndi belu la mphakati wa tchalitchi. Inayo ili kwa mayi wa tchipisi pasiteji. Zenera ku babashopu, sinki kusukulu ya mkaka. Palibe chinabedwa! Munthu akabwera ndi vuto, Ababa ankangotenga sikuludilaiva n'kulowera kuseri.

Ndati ndiye kuti anabwereketsa. Amayi angofunsa ngati pamanda pali mthunzi. Akuti a Tereza anawauza kuti pali mtengo wa masau, koma a Tereza amanena zoti munthu agone tulo. Akufuna akaone okha.

Masana ndagula penti ya buluu. Mbali imodzi yatha. Anthu aone kuti sizocheza.

Lachiwiri, 7 Okutobala

7 koloko ndili kwa mai Dominga. Ndagogoda pa chitseko chathu chomwe, muli munthu akusamba. Ndadikira. Ndili ndi ulemu wanga.

Ndawauza mosazungulira: chitsekochi n'cha kalavani, kalavani ikupita ku Nsanje. Akuti chinabwera ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba, amene pano ali ndi ndevu. Ndati ndevu si kalata ya umwini. Ndamasula. Ndawasiyira matumba awiri a feteleza otchingira pakhomo pa bafayo, osoka bwino. Vuto n'loti bafa yawo inayang'ana kunjira ya kumadzi. Sindinaimange ine.

Akuti, "Malemu sakanachita chonchi." Ndikudziwa! N'chifukwa chake kalavani yawo ili mbulanda.

Chitseko chake n'cholimba, malata kunja, m'kati mlombwa umene Ababa anaikamo okha. Chili ndi misomali itatu yokolekapo tawulo. Pakalavani chikukana kutseka, felemu inapindika. Ndamanga ndi waya.

Kenako kwa a Zuze. Mnzawo wa Ababa chiyambire unyamata, a kwathu komwe, mudzi wawo ndi wathu wangolekana ndi kakhwawa. Chokokera anachikhomera pa chitsa pakhonde, ndi pamene amapindirapo malata. Ndawapeza ali pakati pa ndowa, yatsala matako okha. Apempha ndidikire mpaka mawa madzulo amalize, maso masiku ano akuchedwa. Ndati mawa ndi Lachitatu, ine ndilibe mawa. Akuti chitsulocho anachilandira m'manja mwa malemu. Pamenepo mutu watentha.

"Ndiye mukufuna tidzakuikeni nacho m'manda?"

Anthu odikira zidebe zawo aseka. Iwo sanakwiye. Azula okha, pang'onopang'ono, osafuna ndiwathandize. Pondipatsa akuti, "Bambo ako akafuna kuyankhula ankayamba ameza malovu. Iwe unatengera ndani?"

Ndanyamula paphewa. N'cholemera kuposa mmene chimaonekera.

Kufika pakhomo, magetsi azima. Makina owotcherera ndinachita kubwera nawo pa kabaza kuchokera ku Chirimba, angokhala ngati mlendo wosapatsidwa moni. Ndapaka mbali yachiwiri. Thadzi landijompha.

Kunena zoona si mwano. Ndalemba kuti ndisaiwale.

Lachitatu, 8 Okutobala

Tsiku la malimu.

Yoyamba, pasiteji. Si limunso, ndi mbaula. Wina anaidula pakati n'kuiwotcherera miyendo itatu. Ndaima pamaso pa mayi wa tchipisi ndikufunsa mokweza kuti ndi chitsiru chiti chinaononga limu yachizungu yabwinobwino. Ndawerama kuti ndione ntchito ya chitsirucho. Mzere wosalala, wopanda dontho, pomalizira kokhota pang'ono. Dzanja langa! Ababa anabwera nayo okha ku Chirimba chaka chimene ndinatsegula shedi, ndinadzitama nayo mwezi wathunthu. Mayiyo akuti, "Simunachipeze chitsirucho?" Ndachoka osagula ngakhale tchipisi.

Ku Ndirande ndapeza limu ina ndi matayala awiri akale. Limuyo mabowo asanu, kalavani ikufuna anayi. Ndaboola anga. Tayala likuzungulira ngati munthu wotsimphina. Lizolowera.

Yachiwiri, belu. Imalendewera pa mtengo wa mango kwa atcheya a mphakati. Imalira Lamulungu masana kuitanira mapemphero, ndiponso pakagwa zovuta. Atcheya akuti ndidikire komiti ikumane Lamulungu. Lamulungu! Ndati aliyense masiku ano ali ndi foni. Akuti foni imaitana munthu mmodzi, belu limaitana mudzi, nanga pakagwa kanthu? Ndati masiku anayi okha, atcheya, musatilodze. Ndakwera ndekha mumtengo, ndadula waya. Iwo angoima pansi manja kumbuyo.

3 koloko: jeke, kuchotsa njerwa. Kalavani yaima pa matayala! Yalira ngati nkhalamba yodzuka pamphasa, koma yaima. Ndinafuna wina aone. Panali thadzi lokha.

3 koloko ndi theka: ndalowa kukasesa. Mwendo wamanja wapita pansi mpaka m'ntchafu. Pansi ponse panavunda ndi matope aja, pamwamba pokha ndi pooneka bwino. Malo ake enieni pamene pakhale mutu wa Amayi. A Tereza andipeza chomwecho, mwendo umodzi m'kalavani, wina ku Chilobwe. Sanaseke. Abweretsa madzi a mchere ndi kansalu. Bola akanaseka.

Madzulo alamu abwera kudzaona. Azungulira kawiri osagwira. Ayeza njira ndi mapazi. Akuti:
- pikapu sifika pano, chigwembe chimene madzi anakumba chija sichinakwiriridwe
- pofunika amuna khumi ndi awiri okankha ndi kunyamula mpaka kumsewu
- apolisi a pa Thabwa salola munthu kukwera m'chokokedwa

Ndati za apolisi tikaona komweko. Akuti nanga amuna khumi ndi awiriwo? Ndati a mphakati. Andiyang'ana, ayang'ana limu ya kumanzere, akanda kumutu.

Mawa: matabwa a pansi, kuwotcherera chokokera, kupepesa pang'ono pofunika kupepesa. Zitheka. Ndagwirapo mageti atatu tsiku limodzi.

Amayi amva kugogoda tsiku lonse. Afunsa mawu amodzi, "Ifika?" Ndati ifika. A Tereza awasitira chitenje chawo cha mpingo, achiika pansi pa pilo.

Lachinayi, 9 Okutobala

A Zuze amwalira.

M'mawa uno. Akuti anangodandaula mutu, pofika kuchipatala n'kuti zatha.

Ndamva kwa atcheya. Afika pakhomo 6 koloko, kachitsulo koimbira belu kali m'manja. Za dzulo sanatchule. Apita kuseri, agwada pa tayala la kumanzere, amenya limu. Phu. Phu. Ngati munthu akupuntha pilo. Aimirira, andiyang'ana.

Jeke. Njerwa. Sipanala. Kuchotsa tayala pa limu ndi zitsulo ziwiri, thukuta kamukamu, iwo ali chiimire. Ndayenda nayo paphewa njira yonse, anthu akusesa pakhomo akundiona. Ndakwera mumtengo, ndapachika. Potsika andipatsa kachitsulo kaja.

"Imbani ndinu, eni ake a belu."

Ndaimba. Belu la zovuta samenya mothamanga. Kamodzi, kupuma, kamodzi. Sindimadziwa kuti limu ya Ababa imamveka mpaka kumtunda kwa Soche. Zitseko zayamba kutseguka, azimayi akumanga zitenje akuyenda.

Masamba aikidwa panjira. Nyumba ya siwa ndi yachinayi kuchokera pathu, pa njira yathu yokhayo yotulukira. Pali maliro sakhoma, sawotcherera, gilayinda salira. Ndikudziwa, ndinabadwira konkuno. Komabe ndayesa thabwa limodzi, hamala nditaikulunga nsanza. Kawiri kokha. Mawu a Amayi kuchokera m'nyumba: "Siya." Ndasiya.

Magetsi lero alipo. Tsiku lonse!

Ndakakhala ndi azibambo pasiwa. Pakhonde pali chitsa ndi dzenje lake. Pambali ndowa ija, yopanda matako. Amene anaseka Lachiwiri onse alipo, palibe watchula kanthu. Mai Dominga adutsa ndi mtolo wa nkhuni, atula, andigwira dzanja, akuti pepani, anali ngati bambo anu. Bola akananditukwana.

Masana ndalowa kwa Amayi. Ine ndimadzitama kuti sindizungulira, ndiye sindinazungulire. Ndati Amayi, kalavani siyenda. Ilibe tayala, ilibe pansi, ilibe njira. Ndinanama dzulo.

Atembenukira kukhoma. Kutembenuka kumawapweteka, koma atembenuka. A Tereza ati achotse chitenje chija akasunge m'sutukesi. Amayi achigwira. Osachisiya. Mvula ikayamba kumudzi sikupitika mpaka chaka chamawa, ndipo chaka chamawa cha munthu wa zaka zawo tonse tikuchidziwa, lero lomwe tachiimbira belu.

Ndakhala kuseri, pansi pa kalavani, pamthunzi. Pamakwana munthu mmodzi, mutu sadzutsa.

5 koloko kwabwera atcheya ndi mai Dominga. Osati kwa ine, kwa Amayi. Ndamvera pazenera. Lole yonyamula maliro inyamuka mawa m'mawa kupita kwawo kwa a Zuze, tsidya la kakhwawa. Kumbuyo n'kwafulati. Matiresi akwana pambali pa bokosi, azimayi akhala mozungulira. A Tereza akuti munthu wodwala kugona pafupi ndi bokosi si bwino. Amayi akuti Zuze sanawaopsepo ali moyo. A Tereza akuti nanga pachigwembe awoloka bwanji, machira kulibe.

Mai Dominga: "Chitseko chija chilipo. N'cholimba, ine ndikuchidziwa."

Ndamasula waya ndisanauzidwe. Misomali ya tawulo ndazula ndi pulayala, mwakachetechete.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndikulemba pabondo, kumudzi. Kutentha ngati m'shedi masana.

Tanyamula Amayi pa chitseko amuna asanu ndi mmodzi, ine kumutu, atcheya mbali inayo. Podutsa kuseri akuti tiime. Ayang'ana kalavani, mbali ziwiri zabuluu, ziwiri za dzimbiri, yapendekera pa tayala lotsimphina. Akuti, "Penti yake n'njabwino." Tapitirira.

Tafika pachigwembe. Phazi, phazi, phazi. Chitseko sichinalire n'komwe.

Mulole: bokosi kumanzere, matiresi a kalavani kumanja, Amayi pamenepo atafunda chitenje cha mpingo. Chitseko tachiimika kutchinga mphepo. Alamu atsogola ndi pikapu, yodzaza simenti yotsala, ufa ndi anthu. Yokoka palibe.

Amayi akungoona thambo ndi tenti, koma njira akuidziwa ndi msana. Pokhota paliponse m'mapiri akutchula. Akuti apa bambo ako anaphikapo miyezi iwiri, apa kalavani inatsala pang'ono kugubuduka ndi mapoto omwe. Titatsikira pa Thabwa mpweya wotentha walowa mu tenti, iwo apuma kwambiri, ayamba kuyankhula Chisena chimene sindinachimve m'kamwa mwawo chichokere maliro a Ababa. Azimayi akuimba, iwo akugogoda bokosi ndi chala. "Zuze, pa Nchalo pano." Patapita nthawi, "Zuze, Bangula."

Apolisi anangoona masamba pagalasi, atikodola tidutse.

A Zuze taika 3 koloko. Pothira dothi ndinafuna kunena kanthu, kachidule, koti amve iwo okha. Ndameza malovu. Ndamezanso. Sikanatuluke. Adzukulu andipempha fosholo.

Loweruka, 11 Okutobala

A ku Chilobwe sanabwerere dzulo. Atcheya anagwirizana ndi dalaivala, akuti sangafike tsidya lino n'kulephera kupatsa moni malemu Ababa. Ife tinakonzekera anthu makumi awiri. A Tereza atsala pang'ono kulira pa nkhani ya ndiwo. Zakwana, sindikudziwa bwanji.

Kumanda 9 koloko, Amayi pa chitseko.

Chiliza n'chabwino, mtanda ndinawotcherera ndine mwezi watha, sunapindike. Mtengo wa masau unalipodi, a Tereza sananame. Amisiri anaudula, akuti mizu ikanang'amba simenti. Chatsala chitsa. Dzuwa likumenya pachiliza mpaka maso kuwawa.

Amayi ayang'ana chitsacho nthawi yaitali. Ndinaona ngati alira pamenepo. Ayi. Akatekisiti atamaliza kuwaza madzi, akuti akufuna agwire mtanda. Kuchokera pansi dzanja silikufika, kuwadzutsa sizitheka. Tanyamulanso chitseko, atatu mbali iyi ya chiliza, atatu mbali iyo, tawayandamitsa pamwamba mpaka kumutu. Agwira mtanda. Asuzumira pansi, m'mbali mwa chitseko. Mthunzi wake wagwera pachiliza ndendende, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Aseka, kaphwete kakang'ono.

"Baba, mwagonanso pansi pake."

Ndiye alira. Alira ndithu, maliro amene anatsala nawo zaka ziwiri. Mikono ikunjenjemera, thukuta likulowa m'maso, atcheya tsidya linalo mitsempha yatuluka m'khosi. Palibe watsitsa. Ndayang'ana anthu ozungulira kuti ndiiwale phewa: a bafa, a belu, mayi wa mbaula, wometa wa zenera, aphunzitsi a sinki. Ndasiya kuwerenga.

Atamaliza apukuta maso ndi chitenje, akuti kwa onyamula, "Takhuta," zikomo wa Chisena. Kwa ine akuti ndisanachoke ndidzale masau ena, patali pang'ono ndi simenti. Ndadzala awiri. Mbuzi za kuno ndikuzidziwa, ndatchinga ndi minga.

Lamulungu, 12 Okutobala

Chilobwe. Tinafika dzulo dzuwa likulowa.

Amayi thupi lonse likupweteka, sakutembenuka n'komwe. Adya phala mbale yonse, apempha lina. Chitenje achipereka okha kwa a Tereza kuti akachape.

Pochokera ku Misa:
- Chitseko ndabweza pa bafa. Misomali itatu ya tawulo ndabwezeretsa malo ake. Mai Dominga ayesa kutsegula ndi kutseka kanayi, akuti matumba aja satha kubweza, anaikamo kale makala. 
- Belu lili mumtengo. Lalira 2 koloko. Ndapita. Ndakhala kumbuyo.
- Matiresi atcheya akuti akhale kwa iwo, odwala ofunika kunyamula m'dera lino ndi ambiri. Akuti komiti yavomereza. Komiti ikafuna imakumana msanga.
- Chokokera ndachinyamula paphewa, ndakachikhomera pa chitsa chake. Pakhomo palibe munthu, onse akadali kumudzi.

Ndowa ija ndabwera nayo. Ndadula lata, ndapinda, ndakhoma mmene ndinkawaonera akuchitira. Ndathira madzi. Ikudontha malo atatu. Kuwotcherera ndi kwina, kukhoma zidebe ndi kwina. Ndiyesanso, mwini ndowa sanabwere.

Kalavani ndaibwezera pa njerwa, mbali zonse. Yakhala phee ngati sinafunepo kupita kulikonse. Pansi pali bowo la mwendo wanga. Thadzi likadali mukabati, ulendo wonse lauphonya ndipo silikudandaula. Penti yotsala a Tereza atenga, akuti ya khitchini.

Madzulo wabwera mayi wa tchipisi. Waima pataliko, ngati poyandikira galu woluma. Akuti mbaula ija yayamba kubooka pansi, kodi limu inayi, ya mabowo ambirimbiriyi, ili ndi ntchito?

Ndamva mawu akukwera kuchokera m'chifuwa, onse okonzeka. Amayi m'nyumba akhosomola.

Ndameza malovu. Ndati abwere mawa, magetsi akakhalapo.